Mkalabongo sukala ubongo wa womwa yekha

Amene anayamba kutchula kachasu waukali uja kuti mkalabongo sanapondeko m'kalasi ya zachipatala, koma dzinalo analipeza bwino. Iye ankaona bambo atagona m'ngalande, nsapato imodzi itasowa, n'kunena kuti apa ubongo wakalidwa. Bambo wotereyu mawa lake amadzuka, amasamba, matsire n'kutha. Alipo wina amene mowa womwewo umamukala ubongo, koma iye zake sizitha mawa, ngakhale patapita zaka 20. Ameneyu ndi mwana amene ali m'mimba. Sanaitanitse botolo, sanagwire chipanda, ndipo alibe pakamwa pokanira.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno nkhani ya mowa timaisiyira amuna. Ziwerengero nazo zimavomereza. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa amuna 100 alionse a ku Malawi, 30 ankamwa mowa, pomwe mwa amayi 100 omwa anali anayi okha. Wina atha kunena kuti ndikuutsa mapiri pachigwa. Koma taganizani mmene funso lotere limafunsidwira. Mlendo wafika ndi pepala ndi cholembera, apongozi ali pakhonde pomwepo akusenda nandolo, iye n'kufunsa mtengwa kuti, "Kodi mayi, mumamwa mowa?" Yankho lake tonse tikulidziwa.

Komanso mawu akuti mowa sitimawamva mofanana. Kwa ambiri, mowa ndi wa m'botolo. Masese ndi chakudya, amakhutitsa, amapatsa mphamvu zolimira. Thobwa logona masiku atatu, loti layamba kuwawasa ndi kuchita thovu, palibe amene amaliwerengera. Nanga amene amafulula masese ndi kutcheza kachasu m'midzi ndi m'matauni mwathu ndi ndani? Ndi amayi, ambiri a iwo a msinkhu wobereka, amene ntchito imeneyi ndiyo imawalipirira ana fizi ndi kuwagulira sopo. Wotcheza amalawa kuti adziwe ngati mutu watha. Wogulitsa masese amayamba wamwako pachipanda ogula akuona, kusonyeza kuti mulibe choipa. Mayi wotereyu mukamufunsa ngati amamwa adzakana, ndipo mumtima mwake sakhala akunama. Iye amangolawa.

Tsoka lake, thupi silisiyanitsa kulawa ndi kumwa, kapena masese ndi wisiki. Chimene chimaledzeretsa m'zakumwa zonsezi ndi chimodzi, ethanol, ndipo nsengwa, imene imatchinga zoipa zina kuti zisafike kwa mwana, imeneyi siitha kuchigwira. Chimadutsa ngati madzi m'lichero. Pakatha ola limodzi kapena awiri mayi atamwa, mlingo wa mowa m'magazi a mwana umakhala utatsala pang'ono kufanana ndi wa mayi ake. Mayi ali ndi chiwindi chokhwima chophwanya mowawo, pomwe cha mwana sichinaphunzire ntchitoyo. Mowa wina umatsikira m'madzi amene mwana amasambiramo m'chiberekero, iye n'kumeza madziwo, n'kukodza momwemo, n'kumezanso.

Tsono tilowe mu ubongomo, chifukwa ndi mmene muli nkhani. Ubongo ndi maselo mabiliyoni ambiri amene amalankhulana usiku ndi usana, ndipo chilankhulo chawo ndi timadzi ta mankhwala timene selo lina limalavulira linzake. Mwa amithenga amenewa, akuluakulu alipo awiri. Wina dzina lake ndi glutamate, ndipo ntchito yake ndi kudzutsa selo kuti lilankhule, ligwire ntchito. Winayo ndi GABA, amene mwa munthu wamkulu amauza selo kuti likhale chete. Mowa umatseka pakamwa wodzutsa uja, n'kumukwezera mawu wotontholetsayo. N'chifukwa chake woledzera lilime limalemera, miyendo imakana, za dzulo osazikumbuka. Kwa wamkulu ndi za usiku umodzi.

Kwa mwana wosabadwa, amithenga omwewa ndiwo amisiri omanga nyumbayo. Ubongo ukamakula umapanga maselo ochuluka kuposa ofunika, kenako umapatulira, monga mlimi amene waponya njere zinayi paphando n'kudzazula zofooka. Selo limene likulandira mauthenga kwa anzake limasiyidwa. Limene lili zii limatengedwa kuti lilibe ntchito, ndipo limadzifera lokha. Ndiye mowa ukatontholetsa ubongo kwa maola angapo, maselo abwinobwino amaoneka ngati aulesi. Mu 2000, Chrysanthy Ikonomidou, John Olney ndi anzawo anafalitsa m'magazini ya Science zimene anaona pa tiana ta makoswe. Kuledzera kwambiri ulendo umodzi wokha, kwa maola anayi kapena kuposa, pa nthawi imene maselo akulumikizana, kunapha maselo mamiliyoni. Mwa munthu nthawi imeneyi imayamba cha m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. Mlimi uja wapatulira ataledzera, wazula ndi mbewu zabwino zomwe, ndipo m'munda umenewu kupakiza n'kovuta.

Makoswe si anthu, zimenezo n'zoona. Koma palibe dokotala amene angamwetse amayi oyembekezera mowa dala kuti aone chimene chichitike, choncho ofufuza amayandikira kwa munthu mmene angathere. Pa yunivesite ya Wisconsin ku America, Mary Schneider ndi anzake ankapatsa anyani a mtundu wa rhesus amene anali ndi bere mowa wochepa tsiku lililonse, wofanana ndi botolo limodzi kapena awiri a munthu. Anyaniwo sankadzandira. Ana awo anabadwa ooneka bwino. Atakula n'kuwajambula ubongo, zinaoneka kuti kayendedwe ka mthenga wina, dopamine, kanali katasokonekera, ndipo kusokonekera kwake kunkasiyana malinga ndi mwezi umene amayi awo ankamwa. Kwa ena kanafooka, kwa ena kanapitirira muyezo.

Dopamine ameneyu ndi amene amachititsa munthu kuika mtima pa chinthu chimodzi mpaka chithe. Ndi amene amalemba mu ubongo kuti ichi chinandikomera, ichi chinandiwotcha, ndisadzabwerezenso. Akasokonekera, mwana amavutika kukhala pansi, amachita chinthu asanaganize, ndipo chilango cha dzulo sichimuphunzitsa kanthu lero. Ku Vancouver, Joanne Weinberg wakhala zaka zambiri akuonetsa mwa makoswe kuti mowa wa m'mimba umasinthanso mahomoni amene thupi limatulutsa likadzidzimuka kapena likapanikizika, amene mwa anthu wamkulu wake ndi cortisol. Amatuluka mopitirira ndipo amachedwa kutsika, ngati galu wouwa ndi tsamba lomwe amene akayamba sasiya. Serotonin nayenso, amene amakhudza tulo ndi kukhazikika kwa mtima, maselo omupanga amachepa mwa mbewa zimene zinakumana ndi mowa zisanabadwe.

Pali china chimene chimandipatsa maganizo kuposa zonsezi. Ku Seattle, Ann Streissguth ndi anzake anayamba mu 1974 kutsatira ana pafupifupi 500 kuchokera ali m'mimba. Atafika zaka 21, amene amayi awo ankamwa kwambiri ali oyembekezera anapezeka ndi mavuto a mowa ochuluka kuposa anzawo, ngakhale ofufuzawo atachotserapo za uchidakwa wa m'banja. Ife tikaona mnyamata wayamba kugona kumowa timati ndi za kumtundu, watengera amalume ake. Mwina n'zoona. Mwinanso ubongo wake unaudziwa mowawo kale, asanadziwe n'komwe bere.

Mwana wotereyu tonse tinaphunzira naye kapena tinamuphunzitsa. Ali mu Sitandade 2 chaka chachitatu. Lero wadziwa kulemba dzina lake, mawa waiwala. Mukamufunsa lamulo amalinena lonse bwinobwino, mukangotembenuka walithyola. Mukamutuma zinthu zitatu kugolosale amabwera ndi chimodzi, chenji atataya. Anzake akamuuza kuti alowe m'munda wa eni akathyole nzimbe, iye ndi amene amalowa, ndiponso ndi amene amagwidwa. Mayina tili nawo okonzeka: wosamva, wamutu wouma, wopulupudza, mwinanso wolodzedwa. Mankhwala athu ndi chikoti. Timamenya mwana amene mahomoni ake a mantha ali kale pamwamba, pofuna kuti aphunzire ndi njira yomweyo imene inawonongeka.

Sindikunena kuti mwana aliyense wovuta amayi ake ankamwa, ayi. Malungo a mu ubongo, kunyentchera, kubanika pobadwa ndi nkhanza za pakhomo zimabweretsanso zofananazo, ndipo zimenezi kwathu n'zambiri. Musatuluke m'nyumba kukayang'ana nkhope za ana a aneba. Chimene ndikunena n'chakuti mowa uli pamndandanda womwewo, ndipo ife sitiutchula. Mu 1996 Streissguth yemweyo anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 415 amene anavulazidwa ndi mowa asanabadwe. Oposa 90 mwa 100 alionse anali ndi mavuto a maganizo, ndipo mwa a zaka 12 kupita m'tsogolo, pafupifupi 60 mwa 100 anali atagwidwapo ndi lamulo. Amene zinawayendera bwinoko ndi amene vuto lawo linadziwika asanakwane zaka 6 ndiponso amene anakulira pakhomo pabata, popanda nkhanza. Kungolidziwa vutolo kumasintha mmene akulu amamugwirira mwanayo.

Chimene chimatipusitsa n'chakuti timafuna chilema chooneka ndi maso. Madokotala nawonso anayambira pomwepo. Paul Lemoine, dokotala wa ana wa ku Nantes ku France, analemba mu 1968 za ana 127 a makolo oledzera amene ankafanana nkhope, koma anthu sanamulabadire. Mu 1973 Kenneth Jones ndi David Smith a ku Seattle analipatsa vutoli dzina loti fetal alcohol syndrome. Zizindikiro zake ndi maso aang'ono, mlomo wam'mwamba wopyapyala, kangalande ka pakati pa mphuno ndi mlomo kosalala, mutu waung'ono ndi thupi losakula bwino. Koma ana ambiri amene ubongo wawo unakhudzidwa alibe nkhope imeneyi. Mu 1981 Kathleen Sulik anaonetsa mwa mbewa kuti nkhopeyo imatha kubwera chifukwa cha mowa wa tsiku limodzi lokha, pa nthawi yofanana ndi sabata yachitatu ya pakati pa munthu. Nkhope imaumbidwa m'masabata oyambirira a pakati, pomwe ubongo umamangidwa miyezi yonse isanu ndi inayi. Mwana atha kupulumuka nkhope, ubongo osapulumuka.

Sabata yachitatu imeneyo muiganizire. Mayi amakhala asanadziwe n'komwe kuti waima. Akadziwa, mwambo wathu ndi woti mimba yaing'ono sailengeza, kuopa maso a anthu. Kafukufuku wa dziko lonse la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi anayi alionse, mmodzi yekha ndi amene ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyamba. Ndiye uthenga wa mowa ukamadikira mayi kusikelo, umakumana naye zambiri zitachitika kale. Uyenera kumupeza kusukulu, kwa anankungwi, kuchilangizo cha ukwati, ndi pamene akutenga kapena kusiya njira yolera.

Amene akufuna kuona kumene njira imeneyi imathera asapite kutali. Kuminda ya mphesa ya ku Western Cape ku South Africa, eni minda kwa zaka mazana ankalipira antchito awo mbali ina ya malipiro ndi vinyo, mchitidwe umene ankautcha dop. Unaletsedwa, koma unasiya chizolowezi chomwa mowirikiza kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu, amuna ndi akazi omwe. Ofufuza atayeza ana a kalasi yoyamba m'tauni ya Wellington chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anapeza ziwerengero zimene zinali zisanaonekepo kwina kulikonse. Kuwerengera kwa mu 2017 kunasonyeza kuti padziko lonse ana pafupifupi 8 mwa 1,000 alionse ali ndi vuto lina lochokera ku mowa wa m'mimba, pomwe ku South Africa ndi 111. Abale athu ambiri akugwira ntchito kumeneko ndipo akubereka komweko. Chimene chinafikitsa dzikolo pamenepo ndi mowa wotchipa, umphawi, kudya kosakwanira ndi kumwa kwambiri nthawi imodzi. Palibe chachilendo kwa ife pa zinayizi. Boma lathu linaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo, pa mtengo woti ndi mtsikana wa kusekondale yemwe angaukwanitse.

Ndamvapo anthu akuti, "Agogo athu ankamwa masese mpaka tsiku lochira, ife tinabadwa bwinobwino." Mfundo imeneyi sindiinyoza. Si mayi aliyense womwa amene amabereka mwana wovulala. Kuwerengera kwina kwa mu 2017 kunati mwa amayi 67 omwa ali oyembekezera, mmodzi amabereka mwana wa vuto lathunthu lija la nkhope, kukula ndi ubongo, ngakhale kuti okhudzidwa mosaoneka ndi ochuluka kuposa pamenepo. Chaka chomwecho ofufuza a ku Bristol ku Britain anasanthula kafukufuku wa amayi omwa pang'ono kwambiri, ndipo anapeza kuti umboni wake ndi wochepa. Amene amati kadontho kamodzi kamapundula mwana amakokomeza, ndipo kukokomeza kumachititsa anthu kusiya kumvera.

Koma umboni kuchepa sikutanthauza kuti mlingo wosavulaza unapezeka. Palibe amene anaupeza. Amayi awiri atha kumwa mofanana, wina mwana wake n'kuvulala, wina ayi, kutengera thupi, zaka, kadyedwe ndi chibadwa. Ngakhale mapasa osafanana, ogona m'mimba imodzi n'kumwa mowa umodzi, amatha kutuluka wina wovulala kwambiri kuposa mnzake. N'chifukwa chake America inayamba kulangiza amayi oyembekezera kusamwa mu 1981, France inaika chithunzi chochenjeza pamabotolo mu 2007, ndipo Britain, imene kale inkaloleza pang'ono, inasintha mu 2016 n'kunena kuti chabwino ndi kusamwa n'komwe. Kumeneko munthu amawerenga pabotolo mphamvu ya chimene akumwa. Nanga pachipanda analembapo chiyani? Kachasu wa lero ndi wa mawa, wa mayi mmodzi yemweyo, amasiyana ukali. Mawu akuti pang'ono alibe muyezo kwathu kuno. Ndipo agogo aja, kodi ana awo onse tinawawerenga? Uja ankatchedwa chitsiru cha m'mudzi, uja sanapitirire Sitandade 3, anali ana a ndani?

Apa ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga ena amene timagwirizana pa zonsezi. Iwo akamva nkhani yotere amathamangira kwa amfumu kuti pakhale lamulo, mayi woyembekezera wopezeka pamowa alipe mbuzi. Tinachitapo zotere ndi amayi ochirira kunyumba, ndipo chindapusa chinkagwera wosauka amene analibe ya thiransipoti. Pa mowa zingaipe kuposa pamenepo. Mayi woopa chindapusa sasiya kumwa, amasiya kunena zoona, mwinanso kusikelo komweko amasiya kupita. Mayi woyembekezera amene amamwa kwambiri kawirikawiri pamakhala chimene chikumumwetsa: bambo womenya, bambo wothawa mimba, nkhawa yosowa woiuza, kapena ntchito yotcheza imene akaisiya ana agona ndi njala. Kumulipitsa mbuzi sikuchotsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi.

Abambo m'nkhaniyi timawasiya pati? Ndi ovuta kuwasiya kunja. Mayi amene mwamuna wake amamwa tsiku lililonse, amabwera nalo botolo kunyumba, amamuseka akakana, kusiya kumamuvuta kwambiri. Ndalama imene yathera kumowa ndi yomwe ikanagula mazira, nsomba ndi nyemba, ndipo thupi la mayi losowa zakudya ndi limene mowa umalipweteka msanga pamodzi ndi mwana. Pali chakudya china cha ubongo chotchedwa choline, chimene chimapezeka kwambiri m'mazira, m'chiwindi ndi mu soya. Ku Cape Town, Sandra ndi Joseph Jacobson anayesa kupatsa choline amayi oyembekezera omwa kwambiri, ndipo zimene anafalitsa mu 2018 zinasonyeza kuti makanda awo anakula bwinoko ndi kukumbuka bwinoko kuposa a amayi amene sanalandire. Si mankhwala ofafaniza mowa, ndipo kafukufukuyo anali wa amayi ochepa. Koma ndikakumbuka kuti m'madera ambiri mwambo wathu unkaletsa mayi wapakati kudya mazira, ati mwana angabadwe wopanda tsitsi, pomwe chipanda cha masese palibe ankamulanda, ndimasowa poseka ndi polira.

Kwa mayi amene akuwerenga izi mtima uli m'mwamba chifukwa anamwa paukwati asanadziwe kuti waima, mawu anga ndi akuti musadzizunze. Ana ambiri otere amabadwa bwino, ndipo popeza ubongo umamangidwa mpaka tsiku lochira, kusiya lero kuli ndi phindu, kaya mimba ili ndi miyezi iwiri kaya isanu ndi iwiri. Amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, woti akapanda kumwa manja amanjenjemera, asasiye yekha mwadzidzidzi kunyumba, chifukwa atha kukomoka. Apite kuchipatala akanene zoona zake kuti amuthandize kusiya.

Koma kuti anene zoona, pafunika womufunsa bwino. Kusikelo amayi amayezedwa magazi, amakwera sikelo, amalandira mapiritsi owonjezera magazi, Fansidar ndi neti. Anamwino ndi ochepa, mzere ndi wautali, ndikudziwa. Funso la mowa silifuna makina kapena ndalama za mabungwe. Lifuna chitseko chotseka, osati pabwalo pamene amayi onse akuimba nyimbo za kulera, ndiponso lifuna mawu amene mayiyo angadzipezemo. "Kodi mumamwa mowa?" amayankha kuti ayi. Mufunseni ngati kunyumba amafulula kapena kutcheza, amalawa kangati patsiku, thobwa lawo limagona masiku angati, Loweruka lapitali anamwako chiyani. Ndipo bambo aja amene tinawaphunzitsa kuperekeza akazi awo kusikelo kudzayezetsa magazi, amene amakhala pabenchi chipewa chili m'manja kudikira kuti atuluke msanga, nawonso afunsidwe ngati angathe kukhala miyezi isanu ndi inayi botolo lisanalowe m'nyumba.